Khasu la Adzukulu

Ndinali ndi zaka makumi awiri pamene mpingo wathu unanditumiza ku Nathenje, ndipo ndineneretu kuti ndinali woyerekedwa. Kwathu ndi ku Limbe, m'nyumba ya njerwa yokhala ndi mpopi pakhomo. Bambo anga anali kalaliki. Khasu ndinkalidziwa ngati chinthu chopalira maluwa Loweruka. Koma atandipachika kabaji pachifuwa kolembedwa kuti Mkulu, ine ndinakhulupirira kuti ndinedi mkulu. Ndevu zinali zisanamere n'komwe.

Mpingo wathu unali waung'ono, wochokera kunja, ndipo unali ndi mwambo wotumiza anyamata awiriawiri kutali ndi kwawo kwa zaka ziwiri. Malamulo ndiye anali mbwee. Malaya oyera ndi tayi tsiku lililonse, kaya kuli fumbi kaya matope. Tiyi ayi, mowa ayi, fodya ayi. Kalata yopita kwa makolo kamodzi pa mlungu. Lamulo lalikulu linali lakuti usasiyane ndi mnzako: kumene wapita iye, nawenso uli komweko. Mnzanga anali wa ku Chikwawa, mwana wa mlimi wa thonje, munthu wosalankhulalankhula. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, koma poti ine ndinayamba utumiki miyezi inayi iye asanabwere, wotsogolera ndinali ine. Ankanditchula kuti akulu, ine n'kumavomera ndi mtima wonse.

Tinkakhala m'kachipinda kuseri kwa golosale, pafupi ndi msewu wa tala. Kukacha tinkawerenga malemba, kuphika phala pa mbaula, kenako kusita malaya ndi nsimbi ya makala. Kusitako kunali kungodzivuta, chifukwa tikangopalasa njinga pang'ono kulowera cha ku Mitundu, kolala yonse inali itafiira kale. Tinkayenda tsiku lonse, mapiri a Dzalanyama ali patsogolo pathu, osayandikira. Masiku amenewo kuyenda khomo ndi khomo buku lili m'manja kunali koika moyo pachiswe, chifukwa kunali mpingo wina woletsedwa umene anthu ake ankayendanso choncho. Anyamata a chipani ankatiimitsa pamsika pafupipafupi. Ine khadi langa la chipani ndinkalitulutsa asanandifunse, ndikuti, "Ife si aja ayi, achimwene."

Tangoganizani, kulalikira kuti fodya ndi tchimo m'dziko la zigafa zoumitsiramo fodya yemweyo! Anthu ankatilandira bwino ndithu. Ankatiyalira mphasa, kutipatsa thobwa, kumvetsera mpaka titatha, n'kunena kuti, "Zikomo, tamva." Tikangotembenuka ankabwerera kukasoka fodya wawo. Chaka chinatha, ndipo anthu athu onse ankakwana pa mkeka umodzi, malo n'kutsala.

Pa njira yolowera m'mudzi wina, pakati pa Nathenje ndi Mitundu, panali bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Anali wa msinkhu wa bambo anga, wamfupi, chingambwe chosachoka pakamwa. M'mudzimo anali mkamwini wakalekale, ndipo ndiye anali mkulu wa adzukulu, amuna okumba manda. Ife minga inkatikonda, choncho pamtengopo tinkaima kawirikawiri.

"Afika akulu opanda ndevu!" ankakuwa motero akationa. "Lero mwabwera kudzandiletsa chiyani?"

Ankamata chubu uku akutiseka, ife tikumuuza za kuipa kwa fodya, iye n'kumatiuzira utsi kumaso. Ndinkamukonda bamboyo, ngakhale mumtima ndinkati watayika.

M'mudzi womwewo munali amayi ena amene ndinawabatiza ndi manja angawa, munthu woyamba pa utumiki wanga wonse. Amuna awo anapita ku Joni osabwerako, ngakhale kalata. Anali ndi mwana mmodzi, kamtsikana ka zaka zitatu, kokonda kuliza belu la njinga yanga mpaka makutu kuwawa. Amayiwo sukulu analekeza panjira, koma buku lathu ankaliwerenga ndi chala, liwu ndi liwu, ndipo chilichonse chimene ndanena ankachitenga ngati chatsika kumwamba. Ine ndinkanyada nawo ngati mwana wonyadira nsapato zatsopano. M'makalata opita ku Limbe nkhani inkakhala ya iwowo.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tinakumana nawo panjira atasenza dengu la ufa. Maso anali ofiira. Anatula dengulo n'kugwada.

"Akulu, atsibweni anga atisiya."

Tinapepesa. Atsibweni amenewo, alongo a mayi awo, ndi amene anawalera mayiwo atamwalira, ndiwonso anawagawira munda umene ankalima. Koma anali munthu wa gule, ndipo zinali zodziwika kuti pamaliro awo padzatuluka zilombo.

"Ufawu ndimapita nawo kusiwa," anatero amayiwo. "Koma mtima wanga ukukayika. Kubwera gule. Kodi ine ndipite?"

Abale inu, m'buku lathu munalibe lamulo loletsa munthu kulira mbale wake. Mtsogoleri wathu anali ku Lilongwe, ndikanatha kunena kuti ndikafunse kaye. Mnzanga anandinong'oneza kuti, "Akulu, maliro ndi maliro. Asiyeni apite." Koma ine kufunsidwa funso lotere ndi munthu wamkulu atagwada kunandikomera. Ndinakonza tayi, ndinatsokomola, n'kuyamba.

"Amayi, inu munabatizidwa. Ufa wanuwu ukadyetsa anthu ovina zachikunja. Mukakakhala pamenepo ng'oma zikulira, ndiye kuti m'madzi muja munangolowamo kukasamba. Sankhani lero."

Anayang'ana dengu lija.

"Ndamva, akulu."

Anasenza ufa wawo n'kubwerera kunyumba. Anadzitsekera masiku atatu. Sanatunge madzi a pamaliro, sanaphike nawo, sanagone pasiwa, ndipo tsiku lometa iwo okha ndiwo anatsala ndi tsitsi. Nyumba yawo ndi nyumba ya siwa zinali zoyandikana, munthu akaitana kwinaku unkamva. Ine mlungu umenewo ndinalemba kalata ya masamba anayi yofotokoza za chikhulupiriro cha mayi ameneyu.

Zotsatira zake sizinachedwe. Akafika pachitsime, amayi anzawo nkhani ankaidula, kuli zii. Moni ankayankhidwa ndi mphuno. Mwana wawo akapita kukasewera pakhomo la abale, ankamubweza. Amayiwo akatiuza zimenezi, ine ndinkati ndi mayesero, alimbe mtima. Kunena zoona zinkandisangalatsa, ndinkadziona ngati munthu wa m'malemba. Tsiku lina wokonza njinga uja anandibwezera njinga yanga osaseka.

"Anyamata inu, zaka zanu zikatha mudzakwera basi kupita kwanu. Mayi uja adzatsala konkuno."

"Mulungu adzakhala nawo," ndinayankha.

"Chabwino," anatero, n'kuyatsa chingambwe chake.

Mvula inabwera, chimanga chinakula, udzudzu unachuluka. M'mawa wina mu Febuluwale tikulowa m'mudzi muja tinapeza masamba ataikidwa panjira, chizindikiro cha maliro. Tinatsika njinga. Kulira kunkachokera kunyumba ya amayi aja. Kamtsikana kaja kanatentha thupi masiku awiri, ndipo dzulo lake masana kanatsirizikira kumsana kwa mayi ake, ali panjira yopita kuchipatala ku Mitundu.

Ndinali nditaonako maliro angapo m'midzi imeneyo, choncho ndinazindikira msanga kuti pano zinthu sizili bwino. M'nyumba munali amayi ochepa, okhawo amene mtima sunawalole kusiya mwana. Panja panalibe moto, panalibe miphika, panalibe amuna. Amuna onse anali atakhala patali, pansi pa mtengo wa mango uja. Kumeneko mwini maliro sakumba manda. Amakukumbira ndi anzako, chifukwa nawenso pa tsiku lawo unalipo, unatunga madzi, unapereka ufa, unagona nawo pansi. Zimenezi ndinali nditauzidwa, koma ndinkaziyesa nkhani za anthu osadziwa.

Mkulu wa adzukulu uja anatikodola. Pambali pake panali makasu awiri, fosholo ndi bango.

"Mwafika bwino," anatero. Sanakweze mawu. "Manda amfumu atsegula. Makasu ndi awa. Bango ili ndi msinkhu wa mwana. Amayiwo anasankha mpingo, ndiye mpingo ukumbe."

Amuna onse ankangotiyang'ana. Mnzanga anandikokera pambali.

"Akulu, tiyeni tigwade tipepese. Anthuwa sakufuna zambiri."

"Tipepese chiyani? Talakwa chiyani?"

"Akulu, m'nyumbamo muli mwana."

"N'chifukwa chake tikumba. Awone kuti mpingo ulipo."

Ndinanyamula khasu ngati ndikudziwa chochita nalo. Makani amenewo lero ndikawakumbukira ndimachita kugwira kumaso.

Manda anali m'kamsitu kuseri kwa minda. Titangolowa, kunja kunakhala ngati kwada, mitengo itatsekereza dzuwa, madzi akudontha m'masamba. Kunali mitumbira yatsopano ndi ina yakale, mbale zobooka ndi mapale a miphika zili pamwamba. Palibe anatiperekeza, palibe anatilozera malo. Mnzanga anasankha penapake cha m'mphepete n'kuyamba. Khasu linangogunda mizu, ina yonenepa ngati mkono, ndipo nkhwangwa tinalibe. Anayesa pena, chimodzimodzi.

Ine ndikuyang'anayang'ana ndinaona malo abwino zedi, opanda mtengo, opanda chitsa, timaudzu tofewa tokhatokha, pansi patalowa pang'ono.

"Apa," ndinatero.

Mnzanga anapayang'ana nthawi yaitali. "Akulu, pamenepa palowa pansi. Malo otere kumanda ine ndimawaopa."

"Ndi madzi a mvula amenewo. Palibe mtumbira, palibe mbale. Tikufuna titsirize dzuwa lisanakwere."

Anandimvera, poti lamulo linkati andimvere. Anagoneka bango pansi, analemba malire ndi khasu, tinayamba.

Ine ndinakumba pang'ono chabe, m'manja matuza tuu. Ataphulika, mpini unayamba kuterera. Tayi ndinaiponya paphewa, malaya onse ali matope okhaokha, udzudzu ukundidya m'khosi. Ntchito yeniyeni anagwira ndi mnzanga, ine kwanga kunali kuchotsa dothi ndi fosholo ndi kulankhula. Dothilo linali lofewa modabwitsa, lopanda muzu ngakhale umodzi.

"Mukuona?" ndinatero. "Mulungu watifewetsera nthaka."

Iye anangopitiriza kukumba.

Dzenje litafika m'chiuno, ndinati andipatse khasu, kuti anthu akadzabwera adzapeze ine ndili m'kati. Ndinatsika. Ndinatema kamodzi, kawiri. Kachitatu khasu linakola chinthu. Nditakoka panatuluka timabango takuda toola, ta mphasa yakalekale. Chibuma chimene chinagwa pa nsapato yanga chinasweka, ndipo m'kati mwake munali timikanda ting'onoting'ono, toyera ndi tofiira, ta m'chiuno mwa mwana. Panalinso china chimene sindichitchula.

Mayo ine! Dothi lija linali lofewa chifukwa linakumbidwapo kale.

Mawu oyamba amene anatuluka pakamwa panga sanali pemphero ayi. Ndinati, "Tikwirire msanga, tisunthire apo. Palibe waona."

Mnzanga anandiyang'ana ali pamwamba pa dzenje. Chiyambire sanandikanepo kanthu.

"Ayi," anatero.

"Ndikukuuzani ngati wotsogolera!"

"Ayi, akulu. Ameneyu ali ndi eni ake."

Anatembenuka n'kumapita kukaitana anthu. Kwa nthawi yoyamba pa chaka ndi miyezi, ndinatsala ndekha, ndipo ndinatsala m'manda a munthu. Kutuluka ndinalephera. Ndinangoima chilili, khasu lili m'manja, ndikumva mapazi ake akutalikira.

Anabwera gulu, mkulu wa adzukulu ali patsogolo. Ndinamumva akuseka asanafike, akuti, "Nanga akulu atopa kale?" Atatulukira n'kuona pamene tinakumba, kuseka kunathera pomwepo. Anayang'ana mtengo wa kumanja, anayang'ana wa kumanzere, ngati munthu wotsimikiza malire a munda. Chingambwe chinagwa pansi.

"Tuluka," anatero.

Masiku onse ankandinena kuti inu, ngakhale pondiseka. Wina anandikoka dzanja, ndinatuluka chokwawa. Bambo uja anatsikira m'dzenjemo, anagwada m'matope, n'kuyamba kutola timikanda tija kamodzikamodzi. Ankatipukuta pa malaya ake n'kumatibwezera pamalo pake. Kenako anayamba kukokera dothi ndi manja.

"Wachisamba wanga uyu," anatero, osayang'ana munthu. "Anamwalira ndi chikuku. Anali atangoyamba kuyenda."

Atakwirira chapansi, anzake anamutulutsa n'kutsiriza ndi makasu. Anyamata angapo anayamba kundiyandikira, wina atakunga chibakera, akuti, "Timuphunzitse ameneyu!" Bambo uja anangokweza dzanja lamatope, iwo n'kubwerera m'mbuyo. Tonse tinatuluka m'kamsitumo kukaima panjira.

Mbiri inali itafika kale kumudzi. Tinaona anthu akubwera, ndipo patsogolo pawo panali amayi aja. Mayi wa mwana womwalira satuluka m'nyumba, amakhala pambali pa mtembo kufikira nthawi yonyamula. Iwo anatuluka. Anali opanda nsapato, kumutu kopanda mpango, nkhuku itagwiridwa ndi manja awiri. Atatsala pang'ono kufika anagwada, ndipo mtunda wotsalawo anauyenda ndi maondo m'matope, mudzi wonse ukuona.

"Ndalakwa," anatero. Mawu anali atasasa ndi kulira. "Ndalakwira atsibweni anga, ndalakwira mudzi, lero ndalakwiranso inu ndi mwana wanu. Koma wangayu alibe mlandu. Dzuwa lakwera, m'nyumba mwatentha. Chonde, ndikumbireni."

Mkulu wa adzukulu sanalandire nkhukuyo msanga. Anapukuta manja pa buluku.

"Mayi, ine ndinakuonani muli kamtsikana. Atsibweni anu anakulerani, ndipo inu simunali munthu wamwano. Tiuzeni pano, anthu onse amve. Anakuletsani kupita kumaliro ndani?"

Panalibe amene sankadziwa yankho. Ngakhale ine, ndi uchitsiru wanga wonse, ndinamva chimene bamboyo ankachita. Ankawatsegulira khomo. Zikanamveka pagulu kuti anasocheretsedwa ndi mwana wa eni, mlendo wosadziwa za kuno, abale awo akanapeza ponyamulira nkhope. Akanandinyoza ine, mwina kundimenya makofi awiri, nkhani n'kutha. Koma munthu wokana yekha maliro a amene anamulera, ameneyo ndi wina.

Amayiwo anayang'ana pansi.

"Palibe. Ndinaganiza ndekha."

Gulu linang'ung'udza. Mayi wina wachibale anaomba m'manja n'kukuwa, "Mwamva? Yekha! Mtima wake womwewo!"

Bambo uja anafunsanso, koma ulendo uno maso ake anali pa ine.

"Ndati, anakuletsani ndani?"

Mnzanga anandigunda ndi chigongono. Ndinamva. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma ndinaona chibakera cha mnyamata uja, ndinaganiza za mtsogoleri wathu ku Lilongwe akamva kuti ndafukula manda, ndinadziona ndikutsika basi ku Limbe zaka ziwiri zisanakwane, bambo anga ali pakhonde. Zonsezi zinadutsa m'mutu mwanga mayi ali chogwada m'matope, mwana wake akudikira m'nyumba yotentha. Ndinatseka pakamwa n'kuyamba kuyang'ana matuza a m'manja mwanga.

"Ndinaganiza ndekha," anabwereza amayiwo.

Bambo uja anadikirabe pang'ono. Kenako anapumira m'mwamba, analandira nkhuku ija n'kupatsira wina.

"Tiyeni, amuna inu. Tengani nkhwangwa."

Anakumba pafupi ndi pamene mnzanga anayamba poyamba paja, akudula mizu mosinthana, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atatsiriza. Moto unayaka, miphika inatuluka m'makomo, amayi anadzaza nyumba. Mwanayo anaikidwa masana omwewo. Nyimbo anatsogolera ndi bambo wina wa mpingo wina. Ife palibe anatipempha kupemphera, palibenso anatithamangitsa. Tinaima kumbuyo kwenikweni, ndipo pobwerera ku Nathenje njinga tinachita kukankha njira yonse.

Ndikanakonda kunena kuti m'mawa mwake ndinabwerera kukaulula. Sindinabwerere. Ndinauza mnzanga kuti tiyambe taona midzi ya mbali ina, kumene uthenga unali usanafike. Iye anangoti, "Chabwino, akulu," koma liwu lakuti akululo linali litasintha kakomedwe. Patapita milungu itatu kalata inabwera yakuti ndasamutsidwira kwina, monga zinkachitikira nthawi ndi nthawi. Ndinasangalala. Eee, ndinasangalala, ndisaname.

Mnzanga ndiye anaumirira kuti tikatsanzike. Tinadzera njira ya kuminda kuti tisadutse pa mtengo wa mango. Amayi aja tinawapeza okha pakhonde, atameta, ataonda. Pabwalo udzu unali utamera, kusonyeza kuti mapazi a anthu safikapo. Anatiyalira mphasa monga kale, iwo n'kukhala pansi chapatali.

Ndinayamba kuzungulira, za ulendo, za mvula, za chimanga chawo chimene chinkaoneka bwino. Iwo ndiwo anandidula.

"Akulu, musadandaule za tsiku lija. Inu ndinu mwana wa eni, muli kutali ndi amayi anu. Anyamata aja akanakupwetekani. Ine ndi wa pompano, sangandiphe."

Koma abale! Munthu woti waika mwana wake, abale amutaya chifukwa cha ine, ndiye akunditonthoza ine. Pamenepo mpata unaliponso. Mudzi unali pomwepo, mtengo wa mango unali pomwepo, miyendo ndinali nayo. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinati, "Zikomo, amayi." Ndinatsegula buku, ndinawawerengera ndime ya kupirira, ndinapemphera pemphero lalitali, n'kukwera njinga.

Patatha miyezi iwiri mnzanga uja anandilembera kalata, yaifupi ngati kalankhulidwe kake. Anati abale a amayi aja anagawana munda wa atsibweni, ndipo chigawo chimene iwo ankalima anauzidwa kuti akakolola asadzalimenso, poti munthu wokana maliro mwa kufuna kwake sangadye za womwalirayo. Iwo sanadikire n'kukolola komwe. Anachoka m'mawa wina ndi kamtolo pamutu, ena akuti analowera ku maesiteti a fodya, ena akuti kwina. Chimanga chinaumira m'munda. Mnzangayo anafunsafunsa, koma palibe ankadziwa kumene anapita.

Ine utumiki ndinatsiriza bwinobwino. Ku Limbe anandilandira ndi nyimbo, anandiimika kutsogolo kuti ndifotokozere achinyamata za ntchito ya kumidzi, ndipo ndinafotokoza zambiri, anthu n'kumagwedeza mitu. Za tsiku lija sindinauze bambo anga, sindinauze mkazi wanga, ngakhale ana anga amene lero ndi aakulu kuposa mmene ndinalili ine nthawi imeneyo. Bambo wokonza njinga uja ayenera kuti anagona kalekale m'kamsitu komwe kaja. Amayi aja kaya ali moyo, kaya anaikidwa ndi alendo kumene kulibe wowadziwa. Amene anafunika kumva yankho langa palibenso, koma funso linafunsidwa kawiri, pagulu, ndipo silinali lovuta.

Ndine ndinawaletsa.